Misuku ya a Matewere

A Matewere amwalira Lachiwiri lapitali, ndipo kuyambira tsiku limenelo makutu anga sakupuma. M'minibasi yochokera ku Chirimba wina amati tataya bambo wa mitengo. Pa mpope amayi amati Ndirande yatsala yamasiye. Ngakhale abusa athu, amene abwera kuno dzanadzanali ndipo amangodziwa nkhalamba ya majombo ndi chipewa chamlaza, anaima kutsogolo n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa. Ndinatsamwa ndi malovu mpaka mayi amene ndinakhala naye pa benchi anachita kundimenya kumsana.

Maliro n'kulirana, ndiye kumaliro ndinapita. Ufa wanga ndinapereka, madzi ndinatunga, nyimbo ndinaimba nawo. Koma misozi ndinaisiya kunyumba, ndipo sindikupepesa aliyense.

Ine ndinawadziwa a Jekiseni Matewere asanayambe kuvala majombo, nthawi imene anali phungu wathu wa ku nyumba ya malamulo, m'masiku a chipani chimodzi. Anali munthu wamtali, wa khosi lonenepa losefukira pa kolala, ndipo jekete sankavula ngakhale mwezi wa Okutobala phula likusungunuka pa msewu. Akafika pakhomo pa munthu, asanakhale pampando ankayamba atulutsa kampango m'thumba n'kuyala. Amayi anga ankati mwina matako a aphungu ndi agalasi. Moni sankapereka ndi dzanja lonse, ankangokugwiritsa nsonga za zala n'kuzibweza msanga. M'khosi ankapachika wezulo. Asanalowe ndale anali mphunzitsi, ndipo wezuloyo anachoka nayo ku sukulu. Ndirande yonse, ndi nkhalamba zomwe, ankaiona ngati ana a Sitandade 2.

Nkhani yawo yaikulu inali makhadi a chipani. Ankakonda kunena kuti munthu wopanda khadi ndi mlendo ngakhale m'nyumba imene anamanga yekha. Ayufi, anyamata a malaya ofiira aja, ankaima pa geti la msika ndi pokwerera basi, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake. Zoti mayi woyembekezera agule makhadi awiri, lake ndi la mwana wa m'mimba, zinkachitikanso kwina, koma kuno a Matewere ankaima okha pa geti n'kumaloza mimba za akazi a eni ndi ndodo. Mkulu wanga Esinati, amene anali ndi pathupi pake poyamba, analozedwa choncho pamaso pa ogulitsa matemba. Anagula. Pa malo a dzina myufi anangolemba kuti Mwana, chifukwa munthu wosabadwa sapatsidwa dzina.

Amene akuwalira lerowa akulira a Matewere achiwiri. Amenewa anabadwa tsiku limene dzina lawo silinapezeke pa mndandanda wa anthu amene chipani chinawalola kuimanso. Chifukwa chake palibe anauzidwa, masiku amenewo zifukwa sizinkaperekedwa. Ena ankanong'ona kuti anakhala pansi Mtsogoleri asanakhale, ena ankati mphatso yochokera m'dera lathu inachepa. Galimoto inapita, ndipo ayufi omwe aja ankawatsegulira chitseko anayamba kuwoloka msewu akawaona patali. Amayi atamva anangoti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, n'kupitiriza kusankha nyemba zawo. Chaka chathunthu bamboyo sanatuluke mumpanda mwake. Tsiku limene anatuluka, anatuluka akukankha wilibala yodzaza mbande za mitengo m'timapepala ta shuga.

Zabwino zawo ndizinena kuti wina asati ndikunama. Anadzala mitengo m'mbali mwa misewu ndi pa masukulu, ndipo ina anthu akuusa pansi pake mpaka lero. Analemba makalata ku maofesi kudandaula za madzi akuda amene mafakitale ena a ku Makata ankatayira mumtsinje, nthawi imene kalata yodandaula inkatha kumusowetsa munthu. Mantha amenewo analibe. Koma musanamizidwe, njoka inangofundula. Wezulo inali yomweyo, mawu anali omwewo. Akapeza amayi akutola nkhuni m'phiri ankawalanda nkhwangwa, kuwagwaditsa padzuwa n'kuwaphunzitsa za mvula ndi kukokoloka kwa nthaka, pamene kunyumba ana akudikira moto. Ankati mtengo uli bwino kuposa munthu chifukwa sukuthawa ukachotsedwa pa udindo. Ine ndimati ankaikonda mitengo chifukwa siyankha.

Munthu yekha amene ankawatha anali Che Amidu, kalipentala wa pafupi ndi msika. Tsiku lina a Matewere anafika pa shedi yake n'kuyamba kufunsa kumene thabwa lililonse linachokera, ngati apolisi. Che Amidu anawasiya alankhule mpaka atatopa, akupala thabwa lake, kenako anawafunsa ngati tsiku lawo likadzafika adzafune kuikidwa m'pepala la shuga ngati mbande. Anakhala zaka zitatu osalonjerana. Lachinayi pa maliro a Matewere ndinayang'anitsitsa bokosi lawo polowa nalo m'tchalitchi. Linali la mbawa, lonyezimira bwino.

Koma chimene ndimawasungira mumtima si makhadi kapena nkhwangwa. Ndi misuku.

Kumtunda kwa nyumba zomalizira, m'tsinde mwa phiri, kunali kakhwawa kokhala ndi kasupe, ndipo mozungulira kasupeyo munali misuku ikuluikulu. Abambo ankadziwa kuti kumeneko n'kwa amayi, sankapitako ndipo sankafunsa. Kumeneko n'kumene tinkaika mitayo, ana obadwa atafa kale. Mtayo supita kumanda a anthu onse, saulira mokweza, ndipo bambo wake sauzidwa n'komwe pamene wagona. Amauika ndi amayi aakulu okhaokha, m'kadzenje kosaya, pamalo achinyezi pansi pa msuku, chifukwa amati dzenje likazama kapena malowo akauma, mimba ya mayi wake imauma nayo. Amayi anga anali mzamba, ndipo ndiwo ankatsogolera ntchito imeneyo. Mwana wa Esinati, wa khadi uja, anabadwa osalira. Esinati anapempha kuti khadilo alikulungire m'nsalu momwemo, poti ndi chinthu chokha chimene mwanayo anakhalapo nacho.

Patangopita miyezi iwiri kunamveka kuti Mtsogoleri adzadutsa kwathu kuno. A Matewere anafuna nsanja ndi chipata cha mitengo choposa cha madera onse, komanso nkhuni zophikira amayi ovina amene ankayeserera tsiku ndi tsiku. Phiri lonse linali ndi mitengo, koma misuku inali pafupi ndi pamene lole inkatha kufika, ndiye analoza misukuyo. Amayi anga anachita monga mwa mwambo. Anapita kaye kwa akazi awo a aphungu kuti nkhaniyo ikalowere kuchipinda, kumene mkazi amatha kumuuza mwamuna wake zosanenedwa pabwalo. Mayiyo analira, anati bambo a m'nyumba muno salankhulika, ndipo ndikangotchula za misuku andibweza kwathu. Ndiye m'mawa wa tsiku lodulalo amayi anafunda chitenje chawo n'kukakhala pansi pa msuku waukulu.

Ine ndinali mtsikana, kumeneko sindinkaloledwa, koma ndinaima patali ndi anthu ena ndipo zonse ndinazimva. A Matewere anafika ndi ayufi oposa makumi awiri, nkhwangwa zili pamapewa. Anaimba wezulo kamodzi.

"Mayi, chokani pamenepo, taimu ikutha."

Amayi anagwada bwinobwino, manja pamodzi, n'kunena kuti pamalopo pali zina za amayi, akupempha aphungu akadule kumtunda, ndipo amayi onse a m'dera athandiza kusenza mitengoyo pamutu mpaka pamsewu.

"Za amayi zake ziti? Nenani pompano aliyense amve. Chipani chilibe chinsinsi."

Theka la anyamata amene anaima pamenepo anabadwira m'manja mwa amayi anga. Kuwauza anyamata amenewo kuti pansi pa mapazi awo pagona abale awo, kutchula mayi uyu ndi uyu, kukanakhala kuvula akazi onse a Ndirande pamsika. Amayi anangoyang'ana pansi. A Matewere anadikira pang'ono monga amachitira mphunzitsi ndi mwana wosadziwa yankho, kenako anati ndiye kuti mayiyu sakufuna kuti Mtsogoleri alandiridwe. Masiku amenewo mawu amenewo ankakwana. Dzuwa lisanafike pamutu Landirova ya apolisi inabwera.

Amayi anakhala m'chitokosi milungu isanu. Anabwerako miyendo itatupa ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda, manja akunjenjemera moti uzamba anasiya. Misuku inagwa yonse tsiku lomwe lija, lole n'kumayenda pamwamba pa malowo kubwerera chammbuyo kuti ipakire. Mtsogoleri anadutsa pansi pa chipata chija magalasi a galimoto ali otseka, osaima n'komwe. Mvula ziwiri zitapita kasupe anauma. Esinati sanaimenso. Mwamuna wake, amene ankagwira ntchito ku Makata, anadikira zaka zitatu kenako anakakwatira wina ku Bangwe. Achipatala anganene zawo, ndipo ine sindingalumbire kuti chinatseka mimba ya mkulu wanga ndi nkhwangwa za ayufi. Koma Esinati ankakhulupirira choncho, ankadzuka nazo n'kugona nazo, ndipo ndinamuona mtsikana wosekaseka akusanduka munthu wolankhula ndi mbale.

Ndiye mundimvetse mmene ndinamvera, patapita zaka, atandiuza kuti a Matewere a majombo aja akupita ku kakhwawa komweko kukadzala bulugamu. Malo ouma opanda mtengo anali kuwapweteka m'maso, ngati kuti anawaumitsa ndi wina. Ndipo iwo podzala mtengo anali ndi lamulo lawo la m'buku: chingwe chowongoka, zikhomo, ndi dzenje lofika m'bondo. Mayenje ofika m'bondo pamalo pamene ana anagona m'kati mwa chikhatho chimodzi kuchokera pamwamba.

Amayi nthawi imeneyo ankayendera ndodo. Anandiuza kuti ndiwagwire mkono, poti tsopano ndinali nditabereka ndipo kumeneko ndinkaloledwa. Tinakwera pang'onopang'ono, kupuma katatu panjira. Tinapeza chingwe atachikoka kale, abambo asanu a m'gulu lawo la mitengo ali ndi makasu, ndipo dzenje loyamba atalikumba theka cha m'mphepete. A Matewere anaima pakati penipeni, manja m'chiuno. Atationa anaseka.

"Amayi, inunso? Paja munakana kudula, lero mukukana kudzala. Kodi kwenikweni mumafuna chani?"

Tsiku limenelo amayi sanagwade. Anapempha kuti abambo enawo asunthe pang'ono, koma a Matewere anati ntchito ya chitukuko ilibe zobisa, anene pomwepo. Zaka zonsezo munthuyo sanaphunzire kanthu. Amayi anatsamira ndodo yawo, anatsokomola, n'kulankhula mosakweza mawu.

"Nthawi ija munati ndinene pagulu, ndinakusungirani ulemu, ndinakagona pa simenti. Lero ndakalamba, manyazi anatha. Pamene mwaponda ndi jombo lanulo pali mwana wanu. Wamwamuna. Ndinamuika ndine ndi manja awa, inu muli ku Zomba."

Zoti akazi awo anapita padera chaka chimene iwo analowa m'nyumba ya malamulo ankazidziwa. Uthenga unawapeza ku Zomba, ndipo anabwera zokambirana zitatha, nkhani itazizira. Monga mwamuna aliyense, sanafunse kuti zinathera pati. Ana awo amoyo onse anali aakazi, ndipo Ndirande yonse inkadziwa mmene ankafunira mwana wamwamuna, poti ankadandaula ngakhale pa misonkhano.

Ndinaona chimunthu chachikulu chija chikunyamula phazi ngati chaponda khala la moto. Anaima ndi mwendo umodzi, jombo lili m'mwamba, akuyang'ana pansi uku ndi uku. Abambo a makasu aja anazemba mmodzimmodzi popanda wowauza. Kenako a Matewere anafunsa ndi mawu aang'ono amene ndinali ndisanawamvepo.

"Ndiponde pati?"

"Paliponse pali wa wina," anatero amayi.

Anatuluka pamalopo chammbuyo, moponda ndi zala, akugwira chingwe chawo chomwe chija kuti asagwe. Dzenje lija analikwirira okha ndi manja, atagwada, dothi likulowa m'zikhadabo. Ine ndinaima pamenepo kudikira liwu limodzi lokha. Amayi anali pomwepo, miyendo yawo yotupa ikuoneka, chifuwa chawo chikumveka. Liwu loti pepani silinatuluke. Silinatuluke tsiku limenelo, silinatuluke chaka chotsatira, ndipo pa maliro a amayi anabwera, anakhala kwa abambo, anadya, n'kupita osalinena. Akakumana ndi Esinati panjira ankamupatsa moni ngati munthu wina aliyense. Sindikudziwa ngati ankakumbuka n'komwe mimba imene anailoza ndi ndodo.

Bulugamu uja anakamudzala kwina. Ku kakhwawa anayamba kudzala misuku, m'mphepete mokhamokha, m'timayenje tosaya tokumba ndi chikwanje. Msuku ndi mtengo wamakani, sumera pamene waulamula. Mbande zinafa chaka choyamba, zinafa chachiwiri, zinafanso chachitatu, ndipo ine ndinkasangalala, sindibisa. Kenako wina anawauza kuti msuku umafuna dothi la pansi pa msuku unzake, ndiye anayamba kupalasa njinga mpaka ku Mpemba, munthu woti kale ankatsegulidwira chitseko cha galimoto, kukatenga dothi m'matumba. Chaka chachinayi misuku inagwira. Panali mwala waukulu chakumtunda kwa malowo, kunja kwa mzere wa mitengo, ndipo pamenepo ndi pamene ankakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. M'kati sanapondemonso. Ndinaona ndi maso anga kuti pamwala umenewo ankakhala osayala kampango.

Mphepo ya zipani zambiri itayamba kuwomba, anthu anakwera m'phiri ndi nkhwangwa n'kumati mitengo yonse inali ya chipani, tsopano ndi yathu. Phiri linameteka ngati mutu wa namfedwa. Misuku ya pa kakhwawa yokha ndiyo inatsala, chifukwa aliyense woyandikira ankakumana ndi nkhalamba ya wezulo, yokonzeka kutukwana iye ndi makolo ake omwe. Apa m'pamene panachokera dzina loti bambo wa mitengo. Alendo ankabwera kudzawajambula, iwo n'kumafotokoza za mizu ndi madzi a pansi pa nthaka. Za chimene chili pansi pa mitengoyo sanauze munthu, ndipo pa chimenecho chokha anachita ngati mzimayi wolangidwa bwino.

Anthu amati chinali chikondi cha chilengedwe. Ine ndimati munthuyo ankalondera wake. Pamene pansi pamenepo panali mwana wa Esinati ndi ana a akazi ogulitsa matemba, anaitanitsa Landirova. Atamva kuti palinso magazi ake, anakhala pamwala mpaka msana unapindika. Ngati kumeneko ndiye kutembenuka mtima, ndiye kuti ine Chichewa sindichidziwa.

Dzulo Esinati, amene tsopano ndi nkhalamba ndipo amakhala kwanga, anati timuperekeze kumtunda. Sanapiteko kumaliro, anati miyendo ikuwawa, koma phiri anakwera osapuma. Misuku yakula, ina yayamba kubereka, ndipo pansi pake pali kachinyezi moti udzu wake ndi wobiriwira pamene kwina konse kwauma. Mwala uja uli pomwepo, pamwamba pake posalala chifukwa chokhalidwa. Pambali pake pali chitini chimene ankathirira mbande, chadzimbiri, chogona chammbali.

Koma oumba njerwa, amene zaka zonsezi ankathera patali poopa wezulo, asuntha kale. Nkhuti yawo yokumbamo dothi yafika pafupi ndi msuku woyamba, ndipo ndi yakuya kufika m'chiuno. Pakati pa mitengo, m'kati mwenimweni mmene mwini wake sankaponda, wina wakhoma zikhomo zinayi zopaka penti yofiira. Munthu sanathe sabata m'manda, poloti yagulitsidwa.

Esinati sanakhale pamwalapo. Anakhala pansi pambali pake, miyendo atatambasula, akuyang'ana pamalo pamodzi pamene iye yekha ndi amayi ankapadziwa. Patapita nthawi anandifunsa, osandiyang'ana, kuti nanga tsopano aziimba wezulo ndani.

Ndinadana nawo a Matewere chifukwa chodula, ndinadana nawo chifukwa chosapepesa, ndipo dzulo, nditaima pafupi ndi mwala wopanda munthu uja, ndinadana nawo chifukwa chomwalira. Kumunsi kwathu khasu la woumba njerwa linkamveka likulowa m'dothi.